Oyilo Wobiriwira wa ku Limbe

Tsiku limene Sellina Makina anakumana ndi Fletcher, sanayambe ndi kumuyang'ana kumaso. Anayamba ndi kununkhiza galimoto yake.

Anali pa siteji ya pa Boma, kachikwama ka masipanala kali paphewa, akudikira yopita ku Chiringa. Nissan yoyera inaima patsogolo pake, ndipo dalaivala wake, mnyamata wamtali wa ndevu zometa bwino, anatulutsa mutu pawindo.

"Chiringa, achemwali! Mpando wakutsogolowu ndakusungirani kuyambira dzulo."

"Dzulo munali mutandidziwa?"

"Maso sanadziwe, koma mtima unadziwa."

Sellina anaseka. "Mtima wanuwo ukanadziwanso kuti giyabokosi yanu ikupsa. Simukumva fungoli?"

Fletcher anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mtsikana wanji wolankhula za giyabokosi pamene anzake akadatsinzina ndi manyazi? Sankadziwa kuti Sellina anaphunzira umakaniko zaka zitatu, n'kubwerera kwawo kukakumba yekha dzenje lokonzera galimoto kuseri kwa nyumba ya mayi ake.

Panjira zinadziwika zokha. Atafika pachitunda, injini inabangula koma galimoto ikungokwawa, mpaka wakabaza wonyamula thumba la chimanga anawapitirira akuimba belu.

"Mwaona?" anatero Sellina. "Oyilo wa m'giyabokosi watha ntchito. Mukachedwa mugulitsa galimotoyi kwa ogula zitsulo."

"Ndiye mundipulumutse, dokotala. Nambala yanu ndi chiyani?"

Koma abale, anyamata ena pakamwa! Sellina sanafike n'kunyumba komwe, foni inali italira kale.

"Injiniya wanga, giyabokosi ikudwala, mwini wake akudwalanso. Onse awiri mankhwala ake ali ndi iwe."

Sellina anayankha mwachidule: "Loweruka m'mawa. Ubwere injini ili yofunda." Koma uthenga uja anauwerenga kanayi.

Loweruka Fletcher anafika ndi chigubu cha oyilo wofiira chimene anagula pa Boma. Sellina anangochiyang'ana kamodzi.

"Uyu bwezera kumene wamugula. Giyabokosi yako ndi ya lamba, imamwa oyilo wakewake, wobiriwira. Ukathira wofiirayu waipha. Kuno sapezeka, koma ndili naye amene ndinakatenga ku Limbe."

Anaimika galimoto pamwamba pa dzenje, navala ovololo, natsikira pansi. Fletcher anamutsatira, malaya oyera ali m'thupi.

"Yang'ana bwino, sindibwereza," anatero Sellina. "Oyilo amatsitsa akadali wofunda, kuti atuluke ndi zinyalala zake. Bawuti iyi umamasula pang'onopang'ono, beseni lili pansi kale."

Oyilo anatuluka wakuda bii, wonunkha ngati ndiwo zopserera. Sellina anadikira mpaka dontho lomaliza, kenako anamuthira m'mabotolo olembedwa mizere.

"Wotulukayo umamuyeza. Amene watuluka ndi amene umabwezera, osawonjezera, osachepetsa."

"Ngati chikondi changa," anatero Fletcher. "Chimene undipatse ndidzabweza chomwecho. Ayi, ine ndidzawonjezera!"

"Ukawonjezera amachita thovu. Gwira fanulo apa."

Anathira watsopano, analiza injini, phazi lili pabuleki, n'kudutsitsa magiya onse limodzilimodzi. Atasolola kachitsulo koyezera, oyilo anali pa mzere weniweni. Galimoto itakwera chitunda chija osadandaula, Fletcher anaimika pambali, nagwira dzanja la Sellina lamafutamafuta, n'kulipsompsona.

"Dzanja ili ndidzaliveka mphete, Mulungu ndi mboni!"

Sellina si mtsikana wogwa ndi mawu. Anyamata angati anabwera ndi nyimbo zomwezo iye n'kuwabweza ndi sipanala m'manja? Koma uyu sankanyansidwa ndi zikhadabo zake zakuda. Uyu ankamutchula pagulu kuti "injiniya wanga," monyadira. Sellina anamukonda, ndipo anamukonda ndi mtima wonse.

Miyezi isanu ndi umodzi inadutsa ngati sabata. Ankhoswe anakumana, nagwirizana kuti chinkhoswe chichitike Loweruka lomaliza la Okutobala, anthu atatha kukolola nandolo. Amalume ake a Sellina, a Howard, analoza kale malo pafupi ndi dzenje lija pamene mkamwini adzamange nyumba.

Kutatsala masabata awiri, Sellina anapita ku Limbe kukagula nsalu ya chinkhoswe. Anabwerako ndi chigubu china cha oyilo wobiriwira, chifukwa kusintha koyamba sikutulutsa wakale yense, ndipo nthawi yobwereza inali itakwana.

"Mphatso yako iyi. Ubwere nayo mawa galimotoyo."

"Ayi, duwa langa," anatero Fletcher akulandira chigubucho. "Manja awa apume, asalale, anthu adzaone mphete bwinobwino. Unandiphunzitsa, ndikasintha ndekha kunyumba."

Lamulungu madzulo uthenga unafika: "Ndasintha, wapamtima. Ndayeza monga unanenera. Ikuthamanga ngati mtima wanga ndikakuona!"

Sellina anauonetsa kwa mayi ake. "Mwaona, amayi? Mwamuna womva."

Lachitatu la sabata ya chinkhoswe, cha m'ma teni koloko, pabwalo panalowa Corolla yakale, ikunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Munatuluka mtsikana wovala bwino, choko chili m'mphepete mwa siketi.

"Ndinu a Sellina amakaniko? Ine ndine Aliness, ndimaphunzitsa cha ku Fort Lister. Anthu andilozera kuno. Galimotoyi anandisiyira malemu bambo anga, ndiye ikandifera ndilira maliro kawiri."

"Musadandaule, madamu. Palibe imene inalowa pano n'kutuluka mokankhidwa. Yayamba liti?"

"Sabata yatha. Ikamasintha giya ikumachita kugunda."

Sellina anatsegula boneti, nasolola kachitsulo koyezera, nakapukuta pa nsalu yoyera. Anayang'ana. Anakabwezera, nakasololanso, nayang'ananso.

Pansalupo panali dontho lobiriwira.

"Madamu, galimoto iyi imamwa oyilo wofiira. Uyu anathira ndani?"

Nkhope ya Aliness inawala. "Bwenzi langa! Anandisinthira pakhomo panga pomwe, Lamulungu lija. Anagona pansi pa galimoto yekha, pathumba. Anati oyilo ameneyu ndi wapamwamba, anachita kukanditengera ku Limbe. Amadziwatu zinthu! Amati oyilo amatsitsa akadali wofunda, ndipo wotulukayo umamuyeza, osawonjezera, osachepetsa."

Mayo! Sellina anamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa mlendo. Anagwira boneti mwamphamvu.

"Dzina lake ndani bwenzi lanulo?"

"Fletcher. Amayendetsa Nissan yoyera. Akuti Disembala atumiza amalume ake kwathu. Mukumudziwa?"

Amudziwa? Munthu amene nsalu ya chinkhoswe chake inali kwa telala? Munthu amene mayi a Sellina anali kukhonde panthawi yomweyo akupeta chimera cha thobwa la alendo ake? Mtima wa Sellina unasweka, ndipo ululu wake anaumva mpaka m'mano.

Sanakuwe. Anatulutsa foni m'thumba la ovololo, natsegula mauthenga, naipereka.

"Werengani, madamu. Yambirani pansi."

Aliness anawerenga. Kenako anatulutsa yake, naiika pambali pa ya Sellina. Uthenga wa Lamulungu lija unalinso m'menemo, mawu omwewo a mtima wothamanga, kungosiyana kuti uku anali "wapamtima," uku anali "aphunzitsi a moyo wanga."

"Chinkhoswe chanu ndi liti?" anafunsa Aliness misozi ikutsika.

"Loweruka likubwerali."

"Ambuye! Achemwali, ndikulumbira, sindimadziwa."

"Ndakhulupirira. Mukanadziwa simukanabwera nayo kuno." Sellina anapukuta manja. "Ikwezeni padzenjepo. Inu simunalakwe, galimoto ya bambo anu sinalakwenso. Oyilo ameneyu atuluke lero lomwe."

Anagwira ntchito ngati palibe chachitika. Anatsitsa wobiriwira uja, nathira wofiira, naliza injini, natsitsanso, kuti atsuke bwino m'kati. Koma m'dzenjemo, m'mene munalibe womuona, misozi inkagwera m'beseni limodzi ndi oyilo amene anamunyamula pamiyendo m'minibasi kuchokera ku Limbe.

Akutsitsa ulendo wachitatu, hutala inalira kumsewu. Nissan yoyera inalowa, kumbuyo kuli makireti a zakumwa za chinkhoswe.

"Injiniya wanga! Taona zimene ndakubwe..."

Fletcher anaona Corolla. Anaona Aliness atakhala pa tayala. Kumwetulira kunauma pankhope pake.

Koma mnyamata uja ndi katswiri, tisamunamizire. Anameza malovu kamodzi kokha.

"Aa, madamu, mwafika kuno? Sellina, awa ndi kasitomala wanga, ndimawanyamula nthawi zina."

"Kasitomala?" Aliness anaimirira. "Fletcher, ine kasitomala?"

Sellina anatuluka m'dzenje mosafulumira. "Funso langa ndi limodzi, Fletcher. Oyilo ndinakupatsa uja ali kuti?"

"Ali m'galimoto mwangamu, wokondedwa! Sindinakuuze? Wa madamuwa ndinagula wina."

"Tsegula boneti."

"Duwa langa, tikambirane kaye patokha..."

"Tsegula boneti, Fletcher."

Anatsegula. Sellina anasolola kachitsulo, napukuta pa nsalu, naikweza kuti onse aone. Oyilo anali wodera, wa miyezi isanu ndi umodzi, woti sanakhudzidwe.

Fletcher anagwada pafumbi pomwepo. "Ndi Satana, Sellina! Ndinangosokonezeka. Iwe ndiwe mkazi wanga, uyu ndimangocheza naye. Usandichititse manyazi, abale anga agula kale zovala!"

"Uyu ali ndi dzina, ndipo waima apa akukumva," anatero Sellina. "Chikundipweteka n'choti ndinakukonda zenizeni, Fletcher. Ndinakupatsa nzeru zanga, iwe n'kukafunsira nazo mkazi wina. Ndipo ngakhale kuba komweko unaba theka. Sunamve pamene ndinkati galimoto iliyonse ili ndi oyilo wake? Ukanamuphera galimoto ya bambo ake mtsikanayu!"

Fletcher anatembenukira kwa Aliness. "Aphunzitsi anga..."

"Kasitomala," anamukonza Aliness, n'kuyang'ana kumbali.

Mapanga awiri avumbwitsa. Mnyamata anadzuka, mawondo ali mbuu, nayamba kutsitsa makireti ngati kuti akawasiya ndiye kuti chinkhoswe chilipobe.

"Bwezera m'galimoto," anatero Sellina. "Pano Loweruka palibe womwa."

Nissan itatuluka, Sellina anamaliza ntchito. Anadutsitsa magiya, anayeza, napeza oyilo ali pa mzere, wofiira bwino. Anazungulira nayo Corolla mpaka kumsika n'kubwerera, ndipo sinagundenso. Aliness anamukumbatira osasamala za ovololo yamafuta, nalira paphewa pake, kenako mphunzitsi uja anapita.

Tsopano panatsala ntchito yovuta kuposa zonse. Mayi ake anali adakali kukhonde, lichero lili pamiyendo, koma anali atasiya kupeta kalekale. Anamva zonse.

Sellina anagwada pambali pawo.

"Amayi, chimeracho sungani. Ndikupita kwa amalume kukawauza kuti auze anthu asabwere."

"Mwana wanga, mudzi wonse waitanidwa. Azakhali ako anyamuka kale ku Mozambiki. Anthu adzakuseka, adzati mtsikana wa masipanala wathawitsa mwamuna."

"Aseke, amayi. Adzaseka mwezi umodzi. Ine ndikanalira moyo wonse."

Mayi aja anamuyang'ana kumaso. "Amuna amanamiziridwanso nthawi zina. Watsimikiza, Sellina? Si zongomva?"

Apa misozi imene Sellina anaibisa m'dzenje inatuluka poyera.

"Si zongomva, amayi. Ndayeza ndekha."

Mayi ake anaika lichero pansi, namanga chitenje m'chiuno.

"Ndiye kwa amalume ako sukapita wekha. Kasambe m'manja, tipitire limodzi."