Chitseko cha Manja Awiri

Tsiku limene anakumana anayamba n'kukangana. Eee, chikondi china chimabwera chitakunga nkhonya!

Mtsikanayu ankakonza mafoni m'kashopu kothinana, ndipo anzake osewera magemu ankamutcha Mphezi chifukwa cha liwiro la zala zake. Mnyamatayo, wometa tsitsi wa tsidya la msewu, analowa atanyamula kontirola, chija amagwira posewera, batani lake limodzi litamira.

"Mwaipha ndi gemu yanji imeneyi?" anafunsa Mphezi akumasula tizitsulo.

"Mlatho wa Moto, gawo lachisanu. Loposa onse!"

"Ha! Lija anangopaka utoto watsopano pa nkhani yakale? Gemu yeniyeni ndi gawo lachitatu, achimwene."

"Lachitatu ndinalimaliza kamodzi n'kulitaya uko. Zithunzi zake ngati zojambula ndi makala!"

Mphezi anangopukusa mutu. Iye lachitatulo analibwereza mpaka kuliloweza, kuyambira ali kamtsikana, atakhala pamkeka pambali pa mlongo wake wamkulu amene anamuphunzitsa kusewera. Koma wometayo, amene pagemu ankadzitcha Namatetule, anali ndi kaseko kokopa mtima. Kontirola inachira tsiku lomwelo, mwini wake n'kumabwerabe tsiku ndi tsiku ngati waiwala kanthu.

Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe", ndipo foni ya Mphezi sinkagonanso.

"Duwa langa, wadya? Ndameta munthu molakwika lero poganiza za iwe."

"Bodza lako! Upepese kwa mwini mutu."

Kenako kunamveka kuti kukubwera gawo lachisanu ndi chiwiri, lotsekera nkhani yonse. Mwambo wa gemuyi ndi wodziwika: chitseko chomaliza sichitseguka ndi munthu mmodzi, chimafuna osewera awiri akankhe pamodzi. Namatetule anamugwira dzanja n'kulumbira.

"Chitseko chimenecho sindidzatsegula ndi munthu wina, duwa langa. Ndi iwe basi. Tikadzatsegula, ndikupita kukaonekera kwanu."

Ndani sakanakhulupirira?

Tsoka sasimba. Sabata imene gemu inatuluka, chitsulo chowotcherera mawaya chinaterereka n'kumupsereza Mphezi chala chachikulu cha kumanja. Chala chosewerera! Analira, osati chifukwa cha ululu wokha.

"Usadandaule," inatero meseji ya Namatetule. "Ndikudikira, ngakhale chaka chithe."

Ndiye Mphezi anamanga mtima. Makasitomala akayamba kukamba za gawo latsopanoli, wina akuti ndi lokoma, wina akuti opanga atopa angosiya, iye ankatseka makutu n'kuyamba kuimba mokweza.

"Wondiuza mathero, foni yake sindikonza!"

Bandeji itachoka anayamba kufinya kampira kuti chala chifewe. Mlongo wake, amenenso anali asanaiyambe gemuyo poopa kumuululira, ankamuseka.

"Iwe, ukukonzekera gemu kapena ukwati?"

"Zonse ziwiri, achimwene. Muona."

Loweruka lina masana anafika kwa Namatetule atatchena, mtima uli dididi. Anakhala pampando wautali, sikirini patsogolo, mapewa atagundana. Anasewera Loweruka limenelo ndi lotsatira lake. Koma panali kanthu kena kosamveka bwino.

Pamlatho wa m'gemumo, Namatetule analumpha thabwa lisanayambe n'komwe kuthyoka.

"Wadziwa bwanji?"

"Luso, duwa langa. Dzina lija si lobwereka."

Mphezi anaseka, koma mumtima anayamba kukayika. Kenako nkhalamba yosula malupanga, imene akhala nayo m'gemuyi kuyambira gawo loyamba, inafa. Mphezi misozi inangoti mbwee! Atacheuka, anapeza mnzakeyo akuyankha meseji, maso ali gwa. Munthu angaone maliro otere koyamba osaphethira?

Anafika pachitseko chomaliza. Chinali chachikulu, chakuda, chokhala ndi malo awiri oikapo manja.

"Tiye, ika dzanja," anatero Namatetule mofulumira. "Tsiku lathu lija ndi lino."

Mphezi sanaike. Chitsekocho anachizindikira: opanga anabwezeretsa cha m'gawo lachitatu, chizindikiro chilichonse. Ndipo aliyense amene analibwereza gawo limenelo amadziwa chimene chitseko chija chimachita. Ukachitsegula sichinena kanthu. Ukadzabweranso kachiwiri, chimakhala chitalemba m'munsi mwake mayina a amene anachitsegula.

Anaweramitsa kamunthu kake pasikirini n'kuunika ndi muuni. Mayina awiri anawala pamwala: Namatetule ndi Duwa Langa.



"Ine pagemu ndine Mphezi," anatero chapansipansi. "Duwa uyu ndi ndani?"

"Aaa, ndi... ndi mnzanga wina chabe, tinkangoyesa..."

"Mnzako ndi duwa lako? Maluwa uli nawo angati m'munda mwakomo?"

Namatetule anayang'ana pansi. Foni yake inawala pampando, ndipo anaitembenuza msangamsanga. Yankho linali lomwelo.

Zinamupweteka Mphezi, zinamupweteka kuposa chitsulo chamoto chija. Anakumbukira makutu amene ankatseka, kampira kamene ankafinya, nyimbo zimene ankaimba ngati wamisala pamaso pa makasitomala. Iye akusunga lonjezo, mnzake anali atakhala pampando womwewu, phewa litagundana ndi la wina.

"Pepa, duwa la..."

"Usayerekeze kunditchulanso dzina limenelo! Lili ndi mwini wake."

"Tingomaliza kaye, tikambirana bwinobwino. Tatsala pang'ono!"

Mphezi anaimirira. Anapukuta misozi ndi chala chake cha chipsera, n'kuika kontirola patebulo mwaulemu, yomwe ija anaikonza ndi manja ake.

"Ukanalibwereza gawo lachitatu, bwenzi utandinamiza mpaka kwathu. Ndithokoze zithunzi za makala zija."

Pasikirini kamunthu ka Namatetule kanali chiimire, dzanja limodzi pachitseko, kakudikira. Mphezi anatsegula chitseko cha nyumbayo yekha n'kutuluka.

Ali panjira anaimbira mlongo wake.

"Achimwene, musapite kulikonse. Yatsani gemu."

"Bwanji, mlamu wathu uja zavuta?"

"Palibe mlamu. Yalani mkeka uja, tiyambira pachiyambi. Mathero sindinawaonebe, ndipo ndiwaona ndi munthu amene anandidikira."