Anapiye m'Neti ya Ida

M'mudzi wina kufupi ndi Golomoti munali banja la a Zakariya ndi mayi Anastasia, anthu opemphera ndi akhama. Chuma analibe, koma pakhomo pawo panali pa mtendere, ndipo nkhuku zinkaswana mpaka khola kuchepa. Ana anali awiri: Damiano, mnyamata womera kale ndevu, ndi Ida, kamtsikana kosayamba n'komwe sukulu. Damiano sanali woipa mtima, ndipo mlongo wakeyo ankamukonda. Nthenda yake inali ulesi basi. Akaona khasu, msana unkayamba kumupweteka pomwepo.

Mvula ikupita kumapeto, mathadzi anaswa anapiye ambiri, ndipo kabawi anayamba kuwatola mmodzimmodzi. Nayo mbalame inali itagwa mumpunga kudimba lawo la kutali, moti makolowo anayenera kukagonera komweko mpaka kukolola.

"Damiano," anatero a Zakariya akumanga katundu panjinga, "waya wa kusitolo sitingamukwanitse. Ukadule bango kudambo. Nsichi zili kuseriko, luzi ndafundula kale. Ukuze kholali, uphimbe ndi pamwamba pomwe."

"Koma ababa, anthu masiku ano amangokunga neti ya udzudzu. Ntchito ya kamphindi."

"Neti m'nyumba muno yatsala imodzi, ya Ida," anatero mayi ake. "Usaikhudze. Udzudzu wa nyengo ino ndi wa malungo. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

M'mawa mwake anatengadi chikwanje. Tsoka lake, njira ya kudambo inkadzera pamsika, pomwe mnzake Kelvin ankaswera pabawo ndi kabotolo ka kachasu pambali.

"Aise, chikwanje ngati nkhalamba? Ukupita kuti?"

"Kukadula bango la khola."

"Bango limacheka manja, ndipo kudamboko misundu ikumaliza. Kwanu kulibe neti? Khala pansi, ulaweko kaye."

Damiano anakhala pansi. Tsiku lotsatira anakhalanso. Kunyumba kabawi ankangodzisankhira, ndipo mnyamatayo ataona kuti anapiye akutha, anachita mantha ndi bambo ake. Anazika nsichi mwachisawawa, n'kulowa m'nyumba kukamasula neti ija.

"Achimwene, nanga ine ndizigona bwanji?" anafunsa Ida.

"Uzifunda chitenje kumutu. Mawa ndikadula bango, ndikubwezera."

Mawa lakelo silinafike. Khola linaoneka bwino, kabawi analeka kubwera, ndipo Damiano ankadzitama pamsika kuti nzeru zimaposa thukuta.

Mayi Salome, oyandikana nawo nyumba, anamuitana tsiku lina. "Mwanawe, wakutsina khutu ndi mnansi. Chotsa netiyo. Taona nkhope ya mlongo wako mmene udzudzu waichitira."

"Zapakhomo pano zikukukhudzani bwanji, amayi?" anayankha motero, n'kumapita.

Masabata anadutsa. Tsiku lina dzuwa lili phwee, Ida anagona pakhonde akunjenjemera.

"Achimwene, ndikuzizidwa. Mutu ukundiwawa."

Damiano anamugwira pachipumi, n'kumva kutentha ngati mbaula. Chipatala sichinali patali kwenikweni, koma kupalasa njinga dzuwa limenelo kunamukulira. Anagula panado paokala, anamumwetsa, n'kumufunditsa bulangete.

"Gona, ndikubwera pompano."

Anachita chimodzimodzi tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu anabwera masana akudzandira, n'kupeza mayi Salome atamufukata Ida. Mwanayo anali akuphupha, maso atatembenuka. Mowa wonse unamuthera Damiano nthawi yomweyo. Anabwereka njinga, mayi Salome anakwera kumbuyo atabereka mwanayo, ndipo iye anapalasa monga sanapalasepo chibadwire.

Dokotala anayesetsa, koma kenako anapukusa mutu. "Malungo alowa m'mutu, magazinso atha. Mwabwera naye mochedwa."

Ida anamwalira uthenga usanafike kudimba.

Makolo aja atafika, anthu anali atadzaza kale pakhomo. Mayi Anastasia anaima pafupi ndi khola. Anaona neti ya mwana wawo itakungidwa bwinobwino, anapiye onenepa akupalasa pansi pake. Sanakuwe ayi. Anangomuyang'ana Damiano.

"Anapiye alipo?"

"Alipo, amayi."

"Wawasunga bwino. Nanga wanga uja ali kuti?"

Damiano anagwada, akulira ngati khanda. "Amayi, ndikhululukireni. Ababa, ndimenyeni, ndipheni."

"Ndikakumenya, Ida adzuka?" anatero a Zakariya, n'kulowa m'nyumba.

Maliro atatha, Damiano analawirira kudambo popanda womutuma. Anadula bango mpaka manja kuchucha magazi, anasenza yekha, n'kumanga khola lolimba, lokongola. Dzuwa lisanapendeke anali atamaliza. Ntchito yonse imene anaithawa ija inali ya tsiku limodzi. Panalibe amene analiyang'ana kholalo, ngakhale kumuyamikira.

Makolo ake sanamuthamangitse, koma m'nyumba muja chimwemwe chinatha. Mayi Anastasia anasiya kuimba m'kwaya. Damiano analephera kupirira maso awo, ndipo anabwerera kukachasu, tsopano osati kukasangalala koma kukaiwala. Kelvin uja akamuona ankasuntha mpando kumutalikira.

Achinyamata, musamati ulesi ndi tchimo laling'ono. Ntchito imene mwaithawa sitayika. Amailipira munthu wina, kawirikawiri wofooka amene anaikidwa m'manja mwanu. Mverani makolo nthawi idakalipo. Mulungu amakhululukira wolapa, koma kulapa sikufukula manda.