Mthunzi Wokwawira ku Nyali

Mayi wopaka mabala anatuluka mu situdiyo basi yomaliza itapita kale. Ntchito yake inali yopanga magazi ndi zilonda zabodza pankhope za ochita filimu, koma tsopano adayirekitala ankafuna zonse zizichokera pa kompyuta. N'chifukwa chake ankatsalira, kudziphunzitsa pulogalamu yaulere yoyendetsa zithunzi pa laputopu yobwereka kwa editala, wolumikiza zithunzi za filimuyo. Mzukwa umene anapanga unkafunika m'mawa mwake. Ukakanidwanso, ntchito ipita kwa wina, chonsecho kunyumba kuli mwana woyamwa.

"Mzukwawu ulibe vuto, mayi," adayirekitala anali atatero masana. "Koma mthunzi wake ukulowera ku nyali m'malo moithawa. Munaziona kuti zimenezi? Konzani."

Anayesa mpaka maso kuwawa, koma zinakanika.

Pa mlatho wa panjira yopita kwawo pankayaka nyali imodzi yokha. Pansi pake panaima bambo wina, atakoleka mkombero wa waya paphewa.

"Mwachedwatu, achemwali. Akukuvutanibe mkulu uja?"

Mayiyo anangofulumira. Bamboyo anayenda naye limodzi, koma nsapato zinkamveka za munthu mmodzi.

"Mthunzi uja musaukonze. Munalasa."

Nkhani ya mthunziyo sanauzepo munthu. Mwachizolowezi cha ntchito, maso ake anagwa pansi. Nyali inali kumbuyo kwawo. Mthunzi wake unagona kutsogolo, bwinobwino. Wa bamboyo... unatsalira. Unkakwawira ku nyali!

"Kwathu kumazizira," anatero bamboyo. "Mthunzi umafuna kuotha."

Kuthamanga mayiyo sakanatha, m'chikwama munali laputopu ya eni. Anangoikumbatira, n'kumayenda. Phazi... phazi... phazi. Atawoloka anacheuka. Panali nyali basi.

M'mawa anapereka mzukwawo osasintha kanthu.

"Simunakonze?"

"Ayi. Wakufa amamva kuzizira, bwana. Mthunzi wake umafuna kuotha."

Adayirekitala anaonera katatu, akudzisisita mikono. "Usiyeni choncho. Ntchito ndi yanu."

Pobweza laputopu, mayiyo anaona chithunzi chakale pakhoma la editala, chimene sanachilabadirepo. Pakati pa gulu panali bambo wa waya paphewa.

"Awa ndani, achimwene?"

"Amagetsi amenewo, ankatiyatsira nyali," anatero editala, maso ali pa kompyuta. "Iwo ndi abwana, tsiku lililonse mkangano wa mithunzi. Amagetsiwo galimoto inawagunda pa mlatho paja akuweruka, n'kufera pomwepo. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano."