Mapazi Onyowa pa Koleji ya Zaumoyo

Dzuwa linali litangolowa kuseri kwa mapiri pamene Dokotala Atuganile Mwaisumo anatuluka kukaanula zovala pachingwe. Nyumba yake inali yomalizira pa mzere wa nyumba za aphunzitsi a koleji ya zaumoyo, chakumunsi kumene nthochi zimayambira. Anthu ankangopatchula kuti kumudzi, ndipo panalidi pamudzi: munthu akayetsemula ku nyumba yoyamba, a ku nyumba yomaliza ankamva kuti wagwidwa ndi chifuwa chachikulu.

Atagwira malaya ake oyera a kuntchito, fungo linamulasa m'mphuno. Linali la fomalini, mankhwala osungira mitembo imene ophunzira amaphunzirirapo. Koma nyumba ya mitemboyo inali kutali, kutsidya kwa bwalo la mpira, ndipo iye sankalowako.

"Baba Lugano, mukulimva fungo ili?"

Mwamuna wake Gwamaka, bambo wa mwana wawo Lugano, anali pakhonde akupukuta nsapato. Anali munthu wanthabwala, wogulitsa zitsulo za galimoto m'tauni.

"Ine ndikumva la nthochi ndi nyama zimene zikupserera pamotopo," anatero. "Thamanga, Dokotala wanga, tingagone ndi njala pakhomo pa anthu ophunzira."

Atuganile anaseka, nalowa m'nyumba.

Masiku amenewo kuseka kunali kosowa pakoleji. Akuluakulu a yunivesite anali atalengeza kuti nthambi zitatu ziphatikizidwe n'kukhala imodzi: ya kapangidwe ka thupi, imene anthu ankangoiti ya mitembo, ya Pulofesa Mbwambo, yofufuza matenda ya Dokotala Kisanga, ndi imene munali Atuganile, yomwe mkulu wake anali Dokotala Massawe. Mipando itatu, koma wotsala umodzi. Chilengezere, tiyi wa m'chipinda cha aphunzitsi anayamba kuzizira osamwedwa. Aliyense ankabwera ndi fulasiki yake, ndipo ngakhale popita kuchimbudzi ankainyamula. Anthu amene anavinira limodzi maukwati a ana awo tsopano ankapukuta chogwirira cha chitseko ndi mpango asanatsegule.

Pa msonkhano wina Kisanga anaima n'kunena kuti nthambi zikaphatikizidwa, ena adzayenera kukaphunzitsa anamwino kumidzi. "Pali ena pano malaya oyerawa amangowalemera," anatero, maso ali pa Atuganile. Anthu anaseka chamumtima, ena mokweza.

Madzulo ake chakudya chinamukanika Atuganile.

"Munthu ameneyu wandivula pagulu," anauza mwamuna wake. "Akanangochoka pamaso panga, ndisadzamuonenso."

"Idya kaye," anatero Gwamaka, akumusunthira mbale. "Mkwiyo sukhutitsa."

Sabata isanathe, mlembi anapeza Kisanga m'mawa ali pampando wa mu ofesi yake, maso ali tong'o, atauma. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali m'kati. Anzake a m'nthambi yake yomweyo ndiwo anang'amba thupi kuti aone chamupha. Zimene anapeza sanazilankhule pagulu, koma pofika masana mudzi wonse unali utazimva.

Mama Shayo, wa nyumba yoyandikana, anaitana Atuganile pampanda.

"Mama Lugano, mwamva? Amuna anga anali momwemo. Akuti mapapo onse anadzaza fomalini, ngati munthu womira m'thanki."

"Mu ofesi? Fomaliniyo wachokera kuti?"

"Funsani okolopa. Akuti m'khonde munali mapazi onyowa, opanda nsapato, mpaka pachitseko chake."

"Ndani angachite zoterezi?"

"Ha! Mukufunsa ngati mlendo. Makiyi a mitembo amasunga ndani?"

Pulofesa Mbwambo anali nkhalamba yaitali, yowonda, yofedwa mkazi kalekale. Sankadya ndi anzake. M'mawa uliwonse akalowa m'chipinda cha mitembo ankavula chipewa n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi athu?" Kwa zaka zambiri ophunzira ankaseka nazo. Tsopano ankanong'onezana kuti moniwo umayankhidwa. Pamaliro a Kisanga, benchi imene anakhalapo Pulofesa inakhala yake yekha, pamene anthu ena anali chiimire padzuwa.

Agalu a kumudzi anayamba kuchita zachilendo. Dzuwa likangolowa ankalira onse pamodzi, kenako n'kungoti zii nthawi imodzi, ngati wina wawatseka pakamwa. M'bata limenelo ena ankamva kudontha kwa madzi, tho, tho, tho, kukuyenda m'njira ya kuseri kwa nyumba, pamene mvula inali isanagwe.

Kisanga atapita, Massawe anayamba kuyenda ngati mpando ndi wake kale. Anaitana Atuganile n'kumuuza kuti chipinda chake chofufuzira achipereke kwa mphwake amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja. Atuganile atafuna kuyankha, iye anamudula. "Mayi, pano ndikulankhula ndine. Inu muzilankhula kukhitchini."

"Ndam'gwirira ntchito zaka zonsezi ngati bulu," anadandaula Atuganile kunyumba, misozi ili m'maso. "Pakamwa pake paja pakanangotsekeka!"

Gwamaka anangopukusa mutu, nam'thirira tiyi wa tangawizi.

Massawe anagwa ali m'kalasi, pamaso pa ophunzira. Anali pakati pa chiganizo pamene mawu anatha. Anagwira pakhosi, madzi otuwa anatuluka m'kamwa, ndipo a pabenchi yakutsogolo anathawa atatseka mphuno. Sanafe, koma lilime linauma ngati chikopa. Madokotala onse a pakoleji anamuzungulira, anamujambula mutu ndi khosi, osapeza kanthu. Abale ake anadzam'tenga kupita naye kwawo ku Moshi. Pokwera galimoto mkazi wake ankalira kuti kwa masiku angapo, kukamada, pansi pa mtengo wawo wa mapeyala pankaima munthu wosavala, akudontha madzi.

Apa panalibenso wokayika. Pa akulu atatu panatsala mmodzi. Atuganile naye anaima pa msonkhano wa aphunzitsi n'kunena kuti fungo lija analimva kuseri kwa nyumba yake. "Wotsatira ndine," anatero. Mawu amenewa anafika kwa ophunzira, ndipo madzulo ake anapita ku nyumba ya Pulofesa ndi miyala. Anaswa mawindo onse. Mwala wina unam'peza pamphumi.

Atuganile anaitana abusa kudzapemphera m'nyumba, naika Baibulo pansi pa pilo. Gwamaka yekha ndiye anali wodekha.

"Iwe palibe chingakukhudze," ankatero. "Gona tulo."

Kutacha m'mawa wina, akusesa pakhomo, galimoto yakale yodzaza mabuku inaima pamsewu. Anatuluka Pulofesa Mbwambo, mutu uli womanga ndi bandeji. Atuganile anagwiritsitsa tsache.

"Musayandikire, Pulofesa. Ndikuwa."

"Kuwa ukafuna, mwanangu. Ine ndikupita kwathu, mpando wanuwo ndausiya. Koma ndimve kaye." Anaima patali, manja ali kumbuyo. "Za ufiti ine sindinazikhulupirirepo. Ndakalambira pakati pa akufa, palibe ndi mmodzi yemwe anandiyankhapo moni. Koma m'thanki yosungiramo mitembo muli mwamuna wina wopanda abale, amene apolisi anabwera naye chaka chatha. Phazi lake lamanzere lilibe chala chachikulu. M'mawa ndimam'peza mapazi ali matope."

"Ndiye mukuvomera!"

"Tsiku limene Massawe anagwa ndinawatsatira mapaziwo. Sanalunjike kwa Massawe ayi. Anayamba adzera kuno, mu nthochi zakozo. Anaima pamenepo nthawi yaitali."

"Mukufuna mundikokere m'dzenje lanu."

"Ndilibe chokukokera. Funsa m'nyumba mwako."

Galimoto itachoka, Atuganile anaika tsache pansi. Kenako anazungulira kuseri. Pakati pa nthochi panali malo amene udzu unapsa ngati wathiridwa madzi owira. Pambali pake, pansi pa masamba ouma, panali mbale yake yamaluwa imene anaifunafuna mwezi wathunthu, mpaka kum'ganizira Mama Shayo.

Tsiku lonselo anaphunzitsa osadziwa chimene akunena. Madzulo anauza mwamuna wake kuti akupita kukwaya. Anafika pa bwalo la mpira, nabwerera kudzera njira ya kumunsi, n'kubisala kuseri kwa thanki ya madzi.

Agalu analira, kenako zii. Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Gwamaka anatuluka ndi mpunga m'mbale, nalowa mu nthochi, akuimba kamluzu kake ka masiku onse. Ndipo kuchokera kumunsi kunamveka tho, tho, tho.

Chinthucho chinabwera pang'onopang'ono, chikukoka mapazi. Khungu lake linali lotuwa ngati chikopa chofufuta, pachifuwa pali msoko waukulu wa ulusi wakuda. Chitafika pa udzu wopsa uja chinaima, mutu chozolika ngati wantchito wodikira malamulo. Gwamaka anaika mbale pansi.

"Lero kulibe ntchito," anachiuza. "Mayi sananene kanthu."

"Baba Lugano!"

Gwamaka anatembenuka. Sanadzidzimuke kwenikweni. Koma chinthucho chitamva mawu a Atuganile chinadzutsa mutu, n'kutembenukira kwa iye. Maso chinalibe, koma chinamupeza.

"Mwatani inu? Ndondocha pakhomo panga?"

"Tsitsa mawu. Ndachitira iwe." Anayandikira, manja ali m'mwamba ngati wonyengerera mwana. "Ndinatopa kukuona ukulira chifukwa cha anthu amene sakufika pa nzeru zako. Ndinapita kwa mkulu wina wodziwa zitsamba kutsidya kwa nyanja ya Rukwa. Taona, njira yayera. Watsala ndani?"

"Mwapha munthu!"

"Ine? Ine ndimangom'patsa mpunga. Sandimvera ine ameneyu. Mkulu uja anam'mangira pa dzina lako. Amamva za pakamwa pako basi."

Atuganile anakumbukira zimene ananena pa mbale ya chakudya, za Kisanga, za pakamwa pa Massawe.

"M'bwezeni kumene munam'tenga."

"Sabwezeka. Mkulu uja ananeneratu."

Pamenepo Atuganile anakuwa, kukuwa kumene kunamveka mpaka ku nyumba yoyamba. Zitseko zinatseguka, anthu anathamanga ndi matochi ndi zibonga. Gwamaka anamuyang'ana kamodzi, nkhope ili yodandaula ngati munthu amene mphatso yake yakanidwa, kenako analowa mu nthochi n'kuthawa. Anthu atafika anapeza Atuganile ali chogwada, mbale ya mpunga ili pambali, ndi mapazi onyowa olowera kumunsi, limodzi lopanda chala chachikulu.

Gwamaka sanaonekenso. Galimoto yake inachita dzimbiri pakhomo. Ena ankati anamuona ku Tunduma akuwoloka malire, ena ankati anabwerera kwa mkulu wake uja.

Atuganile anaulula zonse kwa mkulu wa koleji, kupatula chimodzi: sananene kuti ndondochayo imamvera ndani. Mkuluyo anapukuta thukuta, nati nkhani yotere singalembedwe m'mabuku a yunivesite, koma analola kuti mtembo uja uikidwe m'manda. Anaupeza m'thanki mwake, mapazi ali matope. Anauika ku manda a boma, abusa anapemphera, ndipo pamwamba anathirapo simenti. Anthu anapita kwa Pulofesa Mbwambo kukapepesa. Iye anawalandira, anawapatsa tiyi, koma kubwerera anakana.

Nthambi zitatu zija zinaphatikizidwa monga anakonzera. Woyenera mpando panalibenso wina. Atuganile anakana kawiri konse, koma akuluakulu anam'kakamiza, ndipo anaganiza kuti poti mtembo uli pansi pa simenti, zatha.

Patapita miyezi, mphunzitsi wina wachinyamata anataya mayeso a kalasi yonse, n'kubwera mu ofesi akuseka ngati palibe chachitika. Mkwiyo unam'kwera Atuganile.

"Iwe, anthu ngati iwe akanango..."

Kunja kwa chitseko, m'khonde louma, kunamveka tho. Kenako tho.

Anadziluma lilime mpaka magazi anadzaza m'kamwa. Anawameza.

"Palibe kanthu," anatero. "Tilembetsanso. Pita bwino, ndipo ukhale ndi moyo wautali."

Anadikira mpaka kudonthako kunabwerera m'mbuyo, n'kuzimirira kumasitepe.

Mpaka lero, mukafunsa pa koleji ija, adzakuuzani kuti sanakhalepo ndi mkulu wa nthambi wofatsa ngati Dokotala Mwaisumo. Sakalipira munthu. Amene amunyoza pa msonkhano amawadalitsa. Wailesi ikayamba nkhani zokwiyitsa amaitseka, ndipo pamsewu woyendetsa basi akam'dula kutsogolo, iye amayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Aphunzitsi achinyamata amam'tcha mayi wa tonse.

Mwana wake Lugano, mtsikana amene nthawi yonseyi anali kusukulu yogonera komweko, anabwera patchuthi ali wamkulu msinkhu ndi wamwano. Ankafunsa za bambo ake, osayankhidwa. Anayamba kubwera kunyumba mochedwa, kuyankha mokweza, kumenyetsa zitseko. Tsiku lina anatenga mbale patebulo n'kuiponya pansi dala, amayi ake akuona. Atuganile anagwada n'kuyamba kutola zidutswa, milomo ataitseka zolimba.

Lugano anaima pamenepo, misozi ikutsika.

"Amayi, kale munkandikalipira. Bwanji masiku ano? Kodi simundifunanso?"

Atuganile anasiya zidutswazo, nam'kumbatira mwana wake mwamphamvu mpaka mtsikanayo anadandaula kuti akum'pweteka. Koma sanatsegule pakamwa.