Ulimbo wa M'munda mwa Sepiah

Mvula inakata dzuwa litangolowa, amuna a m'mudzi wa Lubuk Kerai akutuluka mumzikiti. Sepiah anali atadya kale mpunga wake ndi nsomba youma. Anamanga tochi pachipumi, natenga ndowa ndi mpeni wochekera makungwa, nalunjika kumunda wake wa mitengo ya labala.

Si kuti ankaukonda mdima. Koma chimwalirireni mwamuna wake, utomoni unkasowa m'makapu. Iye amacheka mitengo m'mawa n'kuusiya uundane, pobwera n'kupeza makapu ali mbee. Wakubayo ankamudziwa. Anali Deraman, mng'ono wa malemuyo, munthu wa manja osalala ngati a khanda, amene ankakhalira khofi pasitolo n'kumauza aliyense kuti munda wotere suyenera mkazi.

Kumtunda makapu anali opanda kanthu. Anatsikira kukamtsinje. Kumeneko achule amasokosa mvula ikagwa, koma tsikulo kunali zii. Madzi okha akudontha m'masamba.

"Alamu..."

Sepiah anaima. Mawuwo anali onong'ona, onjenjemera.

Tochi inam'peza Deraman ataimirira pakati pa mitengo iwiri, thumba la utomoni lili pamapazi pake. Zingwe zoyera zinam'kulunga pachifuwa, m'manja, mpaka m'majombo.

Sepiah anaseka.

"Ee, abwana eni munda! Lero mwagwira ntchito mpaka kusamba utomoni? Mukanandiuza, ndikanakuphikirani."

"Musakweze mawu, alamu. Chonde."

"Chonde mwamudziwa liti inu?"

Anayandikira kuti amuone bwino nkhope, adzakhale ndi chokumbukira. Apo m'pamene kuseka kunamuthera. Zingwezo sizinkanunkha labala. Zinali zonyowa, zokhala ndi timadontho ngati mikanda, ndipo zinayenda mokhotakhota kuchoka pa mtengo wina kukafika pa unzake. Pomwe Deraman anayesa kudzikoka, zinali zitauma gwa.

Sepiah anazizindikira. Pansi pa zipika zowola pamakhala kanyongolotsi kena kofewa, ka miyendo yambiri yonenepa, kotalika ngati chala. Sikathamanga. Kamayandikira nkhululu mwakachetechete, n'kuisisita ndi tinyanga take kuti kaone ngati ili yonona. Kenako kamabwerera pang'ono n'kulavula ulimbo kuchokera mbali ziwiri za mutu. Nkhululu ikamaphupha, m'pamene imadzimanga yokha. Kanyongolotsiko kamadikira, n'kudzaboola pofewa.

Koma zingwe za kanyongolotsi zimakhala ngati tsitsi. Izi zinali ngati chala cha munthu.

"Chinandikhudza pakhosi," anatero Deraman. "Ndinkayesa tsamba."

"Chili kuti?"

Maso okha a Deraman ndi amene anapendekera kuphewa.

Kumbuyo kwake kunatuluka nyanga yofewa, yaikulu ngati mkono, yakuda, yamizeremizere. Inatsetsereka paphewa. Inam'sisita tsaya modekha, ngati mayi akuona ngati mwana watentha thupi. Kenako inatulukanso ina. Mkodzo unayenderera m'jombo ya Deraman.

Sepiah anaganiza zongotembenuka. Ndani akanamufunsa? Koma anakumbukira Kalsom, mkazi wa Deraman, ndi ana ake, ndiponso kuti nkhope yamanthayo inali ndi mphuno ya mwamuna wake. Analavula pansi.

Anayesa mpeni. Mpeni unakanirira pomwepo. Anathamangira kumtsinje, natunga madzi, nam'khuthulira. Zingwe zinayamba kufewa. Anatunganso.

"Fulumira, mkazi iwe!"

"Mwayambiranso kulamula? Vulani malaya. Tulukani m'majombomo. Nsalu ya m'chiunoyonso isiyeni."

Deraman anadzisolola m'zovala ngati nthochi m'khungu lake. Atangomasuka, anam'kankha Sepiah pachifuwa ndi manja onse awiri, kum'kankhira komwe kunali chinthucho, iye n'kuliyatsa liwiro ali maliseche.

Sepiah anagwa chagada m'matope. Tochi inaloza kumwamba.

Sanatakataseko. Anamva masamba akuphwanyika pang'onopang'ono, miyendo yambiri ikuponda motsatizana. Kunkanunkha chipika chowola. Nyanga ija inam'peza pachipumi. Inali yozizira, youma, yofewa kuposa nsalu iliyonse imene anaigwirapo. Inatsika pamphuno, pamilomo, pakhosi powonda. Inaima pamenepo.

Kenako inachoka.

Chapafupi panayamba kumveka kutafuna. Chinthucho chinkadya zingwe zake, kuzinyambita pa malaya a Deraman, osasiyako kanthu. Chitamaliza chinanunkhiza malayawo nthawi yaitali. Sepiah anakwawa chambuyo mpaka panjira.

M'mawa mwake nkhani inali itafika kale pasitolo. Deraman, atavala nsalu yobwereka, ankauza anthu kuti mlamu wake amaweta chiwanda m'munda, ndipo iye anapita kukachithamangitsa. Wina anafunsa chifukwa chake amene amakakolola mpunga m'mamawa anam'peza atabisala m'khola la mbuzi za imamu, alibe n'kansanza komwe. Anthu anaseka. Komabe ponong'onezana ankati mwina n'zoona, mkazi wamasiye amene salira ndi woopsa. Ena ankati ayi, n'cha m'nkhalango chimenecho, chinalipo mitengo ya labala isanabzalidwe. Sepiah sanatsutse aliyense. Kuyambira tsikulo makapu ake ankadzaza.

Patapita masiku, Kalsom anabwera dzuwa likupendeka, ataphimba kanthu m'tsamba la nthochi. Anafunyulula. Munali chingwe choyera, chouma.

"Ndachipeza pamakwerero a nyumba yathu, achemwali. Dzulo chinali pamtengo wa duriani. Dzana chinali kumpanda."

Sepiah anachiyang'ana, osachigwira.

"Bambo a ana akuti chiyani?"

"Akuti n'zanu izi. Akuti mubwere mudzachotse."

"Ine ndinachotsa kale kamodzi. Malipiro ake ndinawaona."

Kalsom anagwetsa nkhope. "Nanga ine nditani?"

"Tenga ana ndi mikeka, mudzagone kuno."

Kalsom anabwera ndi ana kumzikiti asanaitanire mapemphero a madzulo, wamng'ono ali kumsana. Sepiah anawayalira pakati pa chipinda, kutali ndi makoma. Kutsidya kwa njira kunkamveka hamala. Deraman ankakhomera mawindo, kenako chitseko, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake akutuluka thukuta la ntchito.

Sepiah anasuzumira pazenera. Nyumba ya Deraman inaima pa mizati yake italiitali, nyali ikuwala mkati. Kuwalako kunkatsikira pansi kudzera m'mipata ya matabwa, mipata yolowa mkono, pomwe mwini nyumba ankayala mkeka wake.

"Chitsiru," anatero motsitsa. "Chakhoma paliponse, chaiwala pansi."

Anatseka zenera. Posakhalitsa achule a kuseri kwa nyumba ya Deraman anasiya kulira.