Siginecha ya Lachitatu

Tisiyenji atafika ku Chama mu 1997 kudzayang'anira kompyuta ya kabungwe kena ka zaumoyo, anapeza pulogalamu yolembera ana a katemera ikudwala. Aliyense ankaisintha mmene wafunira, makamaka a Bornwell, kalaliki wachikulire amene anaipanga, ndipo mayina a ana a ku Tembwe ankangosowa. Ndiye Tisiyenji anaika lamulo lakuti wofuna kusintha kanthu ayambe walemba m'buku, ayesere pa disiketi ina, asaine, mnzake aone. A Bornwell anaseka pamaso pa onse, nati kompyuta si wodwala woti n'kumamulembera khadi.

Lolemba lina m'mawa, Tisiyenji anapeza m'bukumo mwalembedwa ndi dzanja lachilendo, zilembo zopendekera chammbuyo, popanda siginecha. Disiketi yoyesera inali patebulo, vuto lina lalikulu litakonzedwa bwinobwino. Mlonda, a Robson, analumbira kuti pakhomo sipanadutse munthu, koma anamva pulinta ikulira yokha mumdima, ofesi ili chikhomere. Lachitatu zinachitikanso. Pamsika anayamba kunong'ona za mzimu wa namwino wina amene anafera pamsewu wa ku Chifunda atanyamula mankhwala a ana.

Lachisanu Tisiyenji analawira tambala woyamba. Kunja kunali bii, achule okha akulira kudambo, ndipo pawindo la ofesi pankatuluka kuwala kobiriwira. Anamva mabatani akugogoda pang'onopang'ono, kuleka, n'kuyambanso. Anakankha chitseko chakumbuyo.

Anali a Bornwell, kiyi wakale ali pambali, akulemba m'buku ndi dzanja lamanzere.

"Amayi, njira yanu ndi yabwino," ananong'ona, maso ali pansi. "Koma ndinaiseka pagulu. Manje ndikanayamba bwanji masana?"

Mtima wa Tisiyenji unakhala pansi. Anaseka, n'kuwapempha kuti angosaina zonse zitatu, nkhani ithere pomwepo. Anasaina ya Lolemba, anasaina ya Lachisanu. Pa ya Lachitatu cholembera chinaima m'malere.

"Iyi si yanga. Tsiku limenelo ndinagona kumaliro ku Tembwe."

Ntchito ya Lachitatuyo anaiyesa limodzi kawiri konse. Inalibe cholakwa, ndipo inabweza mayina a ana asanu ndi awiri amene anasowa chaka chatha. Kutacha, galimoto ya katemera inanyamuka ndi mndandanda wathunthu.

Kuchokera tsikulo a Bornwell ankatsata bukulo kuposa aliyense, masana ndithu, ndipo ntchito inayenda bwino. Mpata wa Lachitatu anausiya wosasaina, poti mwina mwiniwake adzabwera.