Maenje Asanu a Kezia

A Aroni anatha chaka osandibwezera mitengo yanga. A Aroniwo ndi amuna anga.

Anadula mitengo isanu m'munda mwanga, kuno ku Dzoole. Anafukizira fodya wawo wa msonkho. Anati, "Ndidzabzala ina." Mvula inabwera. Mvula inapita. Mitengo, zii!

Wovutika anali mwana wathu Kezia. Nkhuni zinali kutali. M'mawa uliwonse ankakwera phiri. Potsika, belu la sukulu ya mishoni linali litalira kale.

"Ndikufuna kufika belu lisanalire," anatero Kezia.

Tsiku lina anabwera ndi kanthu m'masamba a nthochi.

"Amayi, onani! Aphunzitsi andipatsa mbande za bulugamu. Zisanu!"

"Pakati pa chimanga changa ayi," ndinatero. "Mthunzi upha chimanga. Kodi tidzadya masamba? Ukabzale kumtunda, pamiyala paja."

Kezia anathamangira kwa atate ake.

"Atate, mundikumbire maenje."

A Aroni anakanda mutu. "Ayi, mwana wanga. Ine pano ndine mkamwini."

"Mkamwini n'chiyani?"

"Ndi mwamuna wokhala kwawo kwa mkazi wake. Munda uwu si wanga. Ndi wa amako."

Kezia sanalire. Anatenga kakhasu kake. Anakwera kumtunda.

Go! Khasu linagunda mwala. Go! Linagundanso mwala. Dzuwa polowa, dzenje linali limodzi. Kadzenje kake, nkhuku yokha ikanakumba.

M'mawa mwake anapitanso. Go! Go! Go! M'manja munatuluka matuza. Mbande zinayamba kufota.

Ine ndinapsa mtima. Ndinakawapeza a Aroni akusanja fodya.

"Inu bambo a Kezia! Podula simunali mkamwini. Pobzala mwasanduka mkamwini?"

"Mayi a Kezia, mtengo umachedwa kukula," anayankha motsitsa. "Mkamwini akhoza kuuzidwa mawa kuti azipita. Kodi mtengo ndingausenze?"

Kezia, akuchokera kumtunda, anamva. Anaika khasu pansi.

"Atate, mukuchoka?"

"Ayi, mwana wanga."

"Amayi, mukuwachotsa?"

"Ndiwachotse? Nanga denga lija afolera ndani?"

Kezia anaganiza pang'ono.

"Atate, nenaninso mawu aja."

"Mkamwini."

"Pang'onopang'ono."

"Mka... mwini."

"Ehe! Muli 'mwini' m'menemo! Ndamva ine!"

A Aroni anaseka. "Satanthauza zimenezo, iwe."

Koma Kezia sanasiye.

"Mundawu ndi wa yani?"

"Wa amako."

"Amayi akakalamba?"

"Udzakhala wako."

"Nanga mitengo?"

"Idzakhala yako."

"Ndiye simukukumbira amayi. Mukukumbira ine. Kodi ine ndine wa eni?"

A Aroni anayang'ana manja a Kezia. Anaona matuza aja. Kenako anatenga khasu lalikulu.

Di! Mwala unasuntha. Di! Mwala unagubuduka. A Aroni ankakumba. Kezia ankabzala. Ine ndinkatunga madzi.

Ndinawerenga ndekha. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zala ndili nazo.

"Umodzi. Iwiri. Itatu. Inayi. Isanu."

"Ndabweza," anatero a Aroni.

"Mwabweza chiyani? Munadula mitengo. Apa mwabzala titsotso. Mpaka tikule, nkhuni za kuphiri ndi zanu."

"Aa! Mwamuna kutola nkhuni? Anzanga andiseka!"

"Musatole. Dulani chipika chouma, mukoke. Okusekaniwo akuthandizeni kukoka."

M'mawa mwake tinamva phokoso. Kwee! Kwee! A Aroni ankatsika phiri, chipika chili pambuyo.

Kezia anathirira mitengo yake isanu. Anasamba. Anathamanga.

Madzulo anabwera akudumphadumpha.

"Atate! Amayi! Ndinafika belu lisanalire! Aphunzitsi anati ndilize ineyo!"

A Aroni anandiyang'ana. "Nanga pano?"

"Pano mwabweza," ndinatero. "Khalani pansi, a mwini."